Momwe mungayezere maganizo ofuna kudzipha mwa wachinyamata wodwala matenda ovutika maganizo

Wachinyamata akapezeka ndi matenda ovutika maganizo, pali funso limodzi losayenera kulidumpha: kodi akuganiza zodzipha? Anamwino, alangizi, aphunzitsi ngakhalenso madokotala ambiri amalizemba funsoli, kapena amalifunsa mozungulira kwambiri moti yankho lake silithandiza chilichonse. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limati anthu oposa 720,000 amadzipha chaka chilichonse, ndipo kwa azaka 15 mpaka 29 kudzipha kuli pa nambala yachitatu mwa zinthu zimene zimatenga miyoyo yambiri. Zimene zili m'munsimu zalembedwera makamaka azaumoyo ndi alangizi. Makolo angatengepo kafunsidwe kake, koma kuyeza kwathunthu ndi ntchito ya munthu amene anaphunzitsidwa.

Mantha amene amatseka anthu pakamwa ndi oti ukamufunsa mwana zodzipha, wamuikira maganizowo m'mutu. Nkhaniyi inafufuzidwa. Mu 2005, Madelyn Gould ndi anzake anafalitsa zotsatira za kafukufuku wa ophunzira a sekondale oposa 2,000 m'chigawo cha New York. Ena anafunsidwa mafunso okhudza kudzipha, ena sanafunsidwe. Amene anafunsidwa sanavutike mumtima kuposa anzawo, ndipo maganizo ofuna kudzipha sanawonjezeke, ngakhale mwa amene anali kale ndi matenda ovutika maganizo. Choncho funsani, ndipo tchulani mawu enieniwo.

Musanafunse kanthu

Dziwiranitu chimene muchite yankho likakhala inde. Ndani amuone mwanayo lero lomwelo? Akhala m'chipinda chiti, ndipo akhala ndi ndani podikira? Nambala ya thandizo ladzidzidzi muli nayo pafupi? Munthu amene alibe mayankho a mafunso amenewa amafunsa mwamantha, ndipo mwana amamva manthawo m'mawu n'kuyankha zoti amupepukitsire wofunsayo.

Kenako chezani naye payekha. Achinyamata ambiri sangaulule maganizo otere kholo lili pompo, ena poopa kukalipiridwa, ena poopa kuliza mayi awo. Kholo liuzeni mwaulemu ngati chizolowezi cha ntchito: “Mayi, aliyense wa msinkhu uwu timacheza naye yekha kwa mphindi zochepa, kenako tikuitanani.” Mukatero palibe amene akuona ngati akukayikiridwa.

Chitseko chikatsekeka, fotokozani za chinsinsi ndi malire ake musanafunse funso loyamba. “Zimene tikambirane pano ndi za iwe ndi ine. Koma ndikaona kuti moyo wako uli pangozi, ndiyenera kuuza munthu wamkulu amene angakuteteze, ndipo ndiyamba ndakuuza iweyo, tigwirizane mmene timuuzire.” Musalonjeze chinsinsi chopanda malire. Lonjezo limenelo mudzaliphwanya, ndipo mwanayo sadzakuuzaninso zoona, inu kapena wina aliyense wovala ngati inu.

Funso la 9 palokha silikwanira

Malo ambiri amayeza matenda ovutika maganizo ndi pepala la mafunso lotchedwa PHQ-9, kapena PHQ-A imene inakonzedwera achinyamata. Ili ndi mafunso 9 okhudza masabata 2 apitawa, funso lililonse limapatsidwa 0 mpaka 3, ndipo zonse pamodzi zimafika 27. Kuyambira 10 matendawo ndi apakatikati, kuyambira 15 akulirapo, kuyambira 20 ndi aakulu. Funso la 9 ndilo limakhudza imfa: limafunsa ngati munthu wakhala akuganiza kuti bola kufa, kapena zodzivulaza mwanjira ina.

Vuto lake lili pomwepo. Funso limodzi lasenza zinthu ziwiri zosiyana, kulakalaka imfa ndi kudzivulaza, ndipo silikutchula kudzipha n'komwe. Mtsikana amene amadzicheka pamkono kuti mtima ukhale pansi, koma safuna kufa, akhoza kulemba 3. Mnyamata amene anayesa kudzipha miyezi iwiri yapitayo akhoza kulemba 0, ndipo sananame, chifukwa mwamufunsa za masabata 2 okha. Cholakwika china chofala n'kuyang'ana chiwerengero chonse chokha. Mwana wapeza 7, wazaumoyo n'kunena kuti zili bwino, osaona kuti 2 mwa 7 ameneyo wachokera pa funso la 9. Lamulo lake ndi lalifupi: funso la 9 likaposa 0, pitirizani kufunsa, kaya chiwerengero chonse ndi chochepa bwanji. Ndipo kwa wachinyamata amene mukudziwa kale kuti ali ndi matendawa, pitirizani ngakhale litakhala 0.

Mafunso anayi oyambira

Chida chachangu chimene chinapangidwira ana ndi achinyamata ndi ASQ, chochokera ku National Institute of Mental Health ku America, motsogozedwa ndi Lisa Horowitz. Chinafalitsidwa mu 2012 chitayesedwa m'zipatala zitatu za ana, m'zipinda zolandirira odwala mwadzidzidzi, ndipo chinapeza pafupifupi 97 mwa 100 alionse amene analidi pachiwopsezo. Chimatenga nthawi yosakwana mphindi imodzi. Mufunsa ngati m'masabata angapo apitawa walakalakapo atafa. Ngati m'masabata omwewo wamvapo kuti iyeyo kapena banja lake zikanawayendera bwino iye atafa. Ngati sabata yathayi waganizapo zodzipha. Ndiponso ngati anayesapo kudzipha chibadwire. Akavomera limodzi mwa amenewa, mufunsa lachisanu: “Kodi panopa, tikulankhula pano, ukuganiza zodzipha?”

Inde pa funso lachisanu ndi ngozi ya pompopompo. Mwanayo asachoke, asatsale yekha ngakhale popita kuchimbudzi, zinthu zoopsa zichotsedwe m'chipindamo, ndipo aonedwe ndi dokotala kapena katswiri wa matenda a maganizo nthawi yomweyo. Akavomera limodzi mwa anayi aja koma n'kukana lachisanu, akufunika kufunsidwa mozama asanapite kwawo. Akakana kuyankha, akangoti “kaya” kapena kuweramitsa mutu, malangizo a ASQ amati mumutenge ngati wavomera. Kukhala chete kotere sikutanthauza ayi.

Kafunsidwe kamasintha yankho kuposa mmene ambiri amaganizira. “Sikuti ukuganiza zodzipha, eti?” si funso, n'kupempha mwana kuti akane. “Sukuganiza zochita zopusa?” ndiye kumuuziratu kuti mumuweruza. Njira yabwino n'kutsogoza mawu omumasula: “Achinyamata ambiri akavutika mumtima ngati mmene wandifotokozeramu, amafika poganiza zodzipha. Kodi iwenso zakufikirapo?” Mukafunsa, dikirani. Musadzaze batalo ndi mawu anu, ndipo maso asakhale papepala.

Kuyeza kukula kwa maganizowo

Apa ndiye pali ntchito yeniyeni. Kudziwa kuti mwana ali ndi maganizo ofuna kudzipha ndi poyambira chabe, chifukwa maganizowa ali ndi masitepe, ndipo chochita chimasiyana pa sitepe iliyonse. Chida chimene chimagwiritsidwa ntchito kwambiri padziko pa zimenezi ndi C-SSRS, chokonzedwa ndi Kelly Posner ndi anzake a ku Columbia University ndi mayunivesite ena. Chimagawa maganizowo pa masitepe asanu, ndipo mtundu wake waufupi umafunsa za mwezi wathawu.

Sitepe yoyamba n'kulakalaka imfa: kufuna utangogona osadzukanso. Yachiwiri n'kuganiza zodzipha koma popanda kuganizira njira. Mafunso awiri amenewa afunsidwe kwa aliyense. Akakana lachiwiri, mudumphe n'kupita ku funso la zimene anachitapo. Akavomera, mukwera: yachitatu n'kuganizira njira yake koma popanda cholinga chochitadi, yachinayi n'kukhala ndi cholinga chochita, ngakhale pang'ono, yachisanu n'kukhala ndi dongosolo, tsiku, malo kapena nthawi, pamodzi ndi cholinga cholikwaniritsa.

Malire ofunika kwambiri ali pakati pa yachitatu ndi yachinayi, ndipo ndi pamene ofunsa ambiri amapunthwa. Mwana amene akuti “ndimaziganiza, koma sindingachite” ali pa 3. Amene akuti “sindikudziwa ngati ndingadziletse” kapena “mwina tsiku lina ndidzachita” wafika pa 4, ngakhale akulankhula motsitsa ndiponso akumwetulira. Ngati simukumvetsa mbali imene ali, mufunseni poyera: “Pali anthu amene maganizowa amawabwerera koma akudziwa kuti sangachite, ndipo pali ena amene mbali ina ya mtima wawo ikufunadi kuchita. Iwe uli pati?” Masitepe 1 ndi 2 amawerengedwa otsika, 3 wapakati, 4 ndi 5 apamwamba. Kutsika kwa 1 ndi 2 sikutanthauza kuti mwanayo safunika thandizo, kumangotanthauza kuti thandizolo likhoza kukonzedwa ali kunyumba.

Mukapeza sitepe yapamwamba imene wafikapo, yezani mphamvu yake. C-SSRS yathunthu imafunsa zinthu zisanu. Maganizowo amabwera kangati: kosakwana kamodzi pa sabata, kangapo pa sabata, tsiku lililonse, kapena kambirimbiri pa tsiku? Akabwera amakhalitsa bwanji: masekondi, ola, tsiku lonse? Amatha kuwathamangitsa akafuna? Pali chimene chimamubweza, monga mng'ono wake, chikhulupiriro chake kapena kuopa ululu? Nanga chifukwa chake n'chiyani, kufuna kuti ena amve kapena kufuna kuti ululu wa mumtima uthe? Pa zisanuzi, mverani kwambiri za kukhalitsa ndi kulephera kuwaletsa. Maganizo amene amangodutsa kwa masekondi amasiyana kutali ndi amene amamugwira mwana kuyambira madzulo mpaka kucha. Ndipo yankho loti “ndikungofuna kuti zithe” ndi lolemera kuposa mmene limamvekera.

Funsaninso za nthawi imene zinafika poipitsitsa m'moyo wake wonse, osati za lero zokha. Mwana amene lero ali pa 1 koma chaka chatha anafika pa 5 amadziwa kale njira yokafikira kumeneko.

Zimene anachitapo

Kuyesapo kudzipha m'mbuyomu ndi chimodzi mwa zizindikiro zamphamvu kwambiri za ngozi ya m'tsogolo, koma funso loti “unayesapo kudzipha?” limaphonya zambiri. Funsani zinthu zinayi padera. Kodi anachitapo kanthu kodzivulaza ali ndi cholinga chofa, ngakhale chochepa? Kodi anayamba, wina n'kumusokoneza? Kodi anayamba, n'kudziletsa yekha? Kodi anakonzekerapo, monga kusonkhanitsa zinthu, kulemba uthenga wotsanzika, kapena kugawira anzake zinthu zimene amazikonda? Chilichonse mwa izi chikakhala cha m'miyezi 3 yapitayi, chiwopsezo n'chapamwamba, kaya maganizo a lero ali pa sitepe iti.

Chimene chimawerengedwa ndi cholinga, osati kukula kwa bala. Mwana wa zaka 12 akachita chinthu chimene inu mukudziwa kuti sichikanamupha, koma iye ankakhulupirira kuti afa, kumeneko n'kuyesa kudzipha, ndipo kulembedwe choncho. Mawu oti “amangofuna timuone” achititsa ana ambiri kubwezedwa kunyumba popanda thandizo. Kudzicheka kapena kudziwotcha popanda kufuna kufa kulembedwe pakokha, koma musakupeputse, chifukwa achinyamata amene amachita zimenezi ali pachiwopsezo chokulirapo choyesa kudzipha m'tsogolo. Funsani za chochitika chilichonse payekha, poti mwana yemweyo akhoza kudzicheka kakhumi osafuna kufa, ulendo wotsatira n'kufunadi.

Mapepala odzilembera yekha

Achinyamata ena amaulula zambiri papepala kapena pafoni kuposa pamaso pa munthu. Kwa oterewa pali mafunso a William Reynolds a m'ma 1980: SIQ-JR ya achichepere, yokhala ndi mafunso 15, ndi SIQ ya okulirapo, yokhala ndi mafunso 30. Funso lililonse limapatsidwa 0 mpaka 6 potengera kuti ganizolo labwera kangati mwezi wathawu. Pa SIQ-JR chiwerengero chimafika 90 ndipo 31 ndiye malire ochenjeza; pa SIQ chimafika 180 ndipo malire ndi 41. Ubwino wake ndi woti zimaonetsa bwino kusintha kwa mwezi ndi mwezi. Kuipa kwake n'koti chiwerengero chimabisa. Mwana akhoza kupeza 20, pansi pa malire, koma atavomera mwamphamvu funso lokhudza nthawi imene angadziphere. Werengani yankho lililonse mwanayo asanatuluke pakhomo. Pepala limene lakhala m'kabati mpaka Lolemba ndi loopsa kuposa kusafunsa, chifukwa mwanayo wanena ndipo palibe wamuyankha.

Samalaninso ndi nthawi zimene zida zimenezi zimafunsa, poti n'zosiyana: PHQ-9 masabata 2, ASQ sabata imodzi ndi masabata angapo, C-SSRS mwezi umodzi pa maganizo ndi miyezi 3 pa zochita. Mwana akavomera pa china n'kukana pa china, kawirikawiri sakudzitsutsa. Ambiri savutika kukumbukira mukawapatsa pogwira, monga “kuyambira pamene munalemba mayeso” m'malo mwa “mwezi wathawu”. Ndipo ngati mukufunsa m'chinenero china chosiyana ndi chimene chidacho chinalembedwera, gwiritsani ntchito mawu amodzimodzi amene gulu lanu lagwirizana, osati aliyense kumasulira m'mutu mwake. Apo ayi, zotsatira za namwino wa lero ndi wa mawa sizingafanizidwe.

Mverani kholo, koma padera

Kholo limadziwa zimene mwana sanganene: kuti sagona, kuti wasiya kudya ndi anzake, kuti wayamba kumwa mowa, kuti m'banjamo wina anadziphapo, kuti m'nyumba muli mankhwala ambiri, mankhwala ophera tizilombo kapena mfuti. Mwana naye amadziwa zimene kholo silikudziwa, ndipo pa nkhani ya maganizo ofuna kudzipha makolo ambiri sadziwa kanthu mpaka atauzidwa. Awiriwa akasiyana, tengani yankho loopsa kwambiri. Funsaninso mwanayo ngati kunyumba kuli kotetezeka. Ngati amene akumuzunza ndi yemwe wabwera nayeyo, munthu woti auzidwe ndi wina, ndipo malamulo oteteza ana a dziko lanu ayambe kugwira ntchito.

Chiwerengero chikapezeka

Zida zonsezi zimafotokoza mmene mwana alili tsopano. Sizilosera amene adzadziphe. Mu 2022 bungwe la NICE, lopereka malangizo kwa azaumoyo ku England, linalangiza kuti zida zoyezera chiwopsezo zisagwiritsidwe ntchito polosera kudzipha, kapena posankha amene alandire thandizo ndi amene abwezedwe kunyumba. Langizo limeneli ndi lolondola. Chida chimakuthandizani kufunsa mafunso onse mosadumpha ndiponso kulankhula chinenero chimodzi ndi anzanu a ntchito. Chigamulo chimachokera pa nkhani yonse ya mwanayo.

Amene ali pa 4 kapena 5, kapena wachitapo kanthu m'miyezi 3 yapitayi, aonedwe ndi katswiri tsiku lomwelo ndipo asasiyidwe yekha. Wina aliyense amene wavomera maganizowa asachoke popanda dongosolo lodzitetezera lolembedwa. Limene Barbara Stanley ndi Gregory Brown anafalitsa mu 2012 lili ndi mbali 6: zizindikiro zimene mwanayo amaona zinthu zikayamba kuipa, zimene angachite payekha kuti maganizo apite kwina, anthu ndi malo amene amamuiwalitsa mavuto, akuluakulu amene angawauze zoona, azaumoyo ndi manambala a thandizo, ndi kuchotsa zinthu zoopsa pakhomo. Lilembedwe m'mawu a mwanayo. “Kumvera nyimbo pabalaza pamene pali anthu” kumathandiza kuposa “kuchita zosangalatsa”. Alijambule pafoni yake, kholo likhalenso nalo.

Mbali yomalizayo, yochotsa zinthu zoopsa pakhomo, musaithamangire. Nthawi imene munthu amafika pachimake pofuna kudzipha imakhala yaifupi, ndipo mwa achinyamata mpata wa pakati pa kuganiza ndi kuchita ukhoza kukhala wa mphindi zochepa. Mankhwala onse a m'nyumba, ngakhale opha ululu ogula popanda kalata ya dokotala, akiyidwe, ndipo mankhwala a mwanayo azisungidwa ndi kholo n'kumamupatsa a tsiku limenelo okha. Mankhwala ophera tizilombo ndi mfuti zichoke pakhomo. Gwirizanani kuti achita zimenezi ndani komanso liti, ndipo mudzafunse ngati zachitikadi. Kumulumbiritsa mwana kuti sadzipha kulibe umboni woti kumateteza, ndipo kumangomuphunzitsa kubisa.

Bwerezani

Kuyeza kamodzi kuli ngati kuyeza kutentha kwa thupi m'mawa n'kuganiza kuti mwadziwa mmene wodwala agonere usiku. Mu 2017, Evan Kleiman ndi anzake anafunsa akuluakulu amene anali pachiwopsezo kangapo pa tsiku kudzera pafoni, ndipo anapeza kuti maganizo ofuna kudzipha amakwera ndi kutsika kwambiri m'maola ochepa chabe. Mwana amene wakana Lachiwiri masana akhoza kukhala pa 4 Lachinayi usiku atakangana ndi bwenzi lake. Ndiye funsani ulendo uliwonse akabwera, ndi chida chomwecho, kuyambira pa tsiku limene munaonana komaliza. Muimbireni foni pasanathe maola 72 kuchokera pamene waulula, ndipo aonedwenso pasanathe masiku 7.

Pali nthawi zitatu zofunika kufunsa pafupipafupi. Yoyamba ndi masabata oyambirira atatuluka m'chipatala, pamene chiwopsezo chimakhala chachikulu ngakhale aliyense akuona ngati zatha. Yachiwiri ndi pamene wayamba mankhwala a matenda ovutika maganizo, monga fluoxetine, kapena mlingo wake wasinthidwa. Mu 2004 bungwe la FDA, loyang'anira mankhwala ku America, linaika chenjezo lalikulu pa mankhwala amenewa litaunika kafukufuku 24 wa ana ndi achinyamata oposa 4,400: maganizo kapena zochita zofuna kudzipha zinaoneka mwa 4 pa 100 alionse amene ankamwa mankhwalawo, poyerekeza ndi 2 pa 100 mwa amene ankamwa mapiritsi opanda mankhwala, ngakhale kuti palibe anadzipha m'kafukufukuyo. Mu 2007 chenjezolo linafutukulidwa mpaka azaka 24. Tanthauzo lake si kumana mwana mankhwala, chifukwa matenda osachizidwa nawo amapha. Tanthauzo lake n'kulankhula naye sabata iliyonse m'mwezi woyamba, ndi kuuza kholo kuti likaona kusagona, kupsa mtima kwachilendo kapena kulephera kukhala pansi, liimbe foni tsiku lomwelo m'malo mosiyitsa mankhwala palokha.

Yachitatu ndi pamene PHQ-9 yayamba kutsika. Tulo, chilakolako cha chakudya ndi mphamvu zikhoza kubwerera pamene kutaya chiyembekezo kudakalipo, choncho kutsika kuchoka pa 19 kufika pa 10 sikukuuzani chilichonse za maganizo ofuna kudzipha pokhapokha mutafunsa padera.

Polemba m'faelo, mawu oti “wakana maganizo ofuna kudzipha” sathandiza amene adzamuone pambuyo panu. Lembani tsiku, chida chimene mwagwiritsa ntchito, sitepe yapamwamba ya mwezi uno ndi ya moyo wake wonse, kangati ndi kwa nthawi yaitali bwanji, zimene anachitapo ndi masiku ake, chimene chimamubweza m'mawu ake enieni, amene mwamuuza, zimene zachotsedwa pakhomo, ndi tsiku limene mudzamufunsenso pamodzi ndi dzina la amene adzamuimbire akapanda kubwera.